Kamtengo ka Pabwalo la a Lameck Chikadza

Malemu bambo Lameck Chikadza anabadwa pa 9 Juni 1919, m'mudzi wa kwathu kufupi ndi Chitala, m'boma lomwe lino la Salima. Anali achitatu kubadwa m'banja la bambo Mose Chikadza ndi mayi Nankhoma. Tsiku limeneli ndi lomwe analemba aphunzitsi a ku mishoni powabatiza. Agogo athu ankangoti mwanayu anabadwa chitangotha chimfine chachikulu chija, anthu akudula mapira.

Mafumu, abusa, a tcheyamani a nthambi ya chipani, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, ine ndine Lenard, mwana wa mlongo wawo wamkulu wa malemu. Mbumba yandituma kuti ndiwerenge mbiri ya atsibweni anga. Koma ndisanapite patali, pali chinthu chimene maso anu aona kale. Kumutu kwa bokosili kulibe munthu amene amayenera kukhalapo. Mayi Dailes, akazi a malemu, ali kuseri kwa khitchini chifikire cha mtembo dzulo, okhaokha, chifukwa anauzidwa kuti asayandikire. Akuti ndiwo apha amuna awo poumitsa kamtengo kaja kanali pabwalopa. Akutinso tikangobwera kumanda atole zawo, atenge mwana, azipita kwawo ku Dowa. Ndikunena kuti akuti, popeza aliyense amene ndamufunsa akuloza mnzake, palibe wavomera kuti nkhaniyi inayambira pakamwa pake. Choncho mbiri ya lero italikirapo pang'ono. Amene mwakhala padzuwa mundikhululukire.

M'chaka cha 1928 malemu anayamba sukulu ya mishoni ya kwathuko, ndipo analekezera Sitandade 3 atamwalira bambo awo. Mu 1936 analembedwa ntchito yotsuka mbale kwa kalaliki wa pa msika wa thonje ku Chitala. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuphika, poyang'anitsitsa manja a khukhi wamkulu, munthu amene sankafuna kuphunzitsa aliyense. Pa 14 Seputembala 1946 anamanga ukwati woyera ndi mayi Eveles, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, a Gracian ndi a Joyce, amene ali nafe pano.

Chaka cha njala, 1949, anatsikira kunyanja kudzafuna ntchito. Anaipeza kwa mzungu wachigiriki wochita malonda a nsomba. Dona wa pakhomopo anali ndi kamtengo kamene anakabzala m'chidutswa cha mgolo, ka masamba ang'onoang'ono osongoka ndi fungo lamphamvu. Dzina lake ndi rozimeri. Si mankhwala a munthu, ndi zokometsera ndiwo, monga adyo kapena tsabola. Ndabwereza dzinali dala, kuti amene akhala zaka zonsezi akukatchula ndi mayina ena alimve bwino. Azunguwo pobwerera kwawo mu 1962 anawasiyira malemu mphika umodzi wachitsulo, mpeni, ndi nthambi za kamtengo kaja.

Nthambi zoyambazo zinatsala pang'ono kutha zonse. Malemu ankazithirira m'mawa ndi madzulo monga tichitira ndi mpiru kudimba, ndipo zinkachita chikasu n'kufa. Atavutika nazo anazindikira kuti kamtengoka n'ka kumalo ouma, ndipo mdani wake wamkulu ndi madzi okhalitsa kumizu. Ndiye chifukwa chake mu 1965, atasamukira kuno ku Chipoka kudzaphikira apaulendo a sitima yapamtunda ndi yapamadzi, atamanga nyumba iyi, anaunjika kamulu ka mchenga wa kunyanja, njerwa zoswekasweka ndi mapale, n'kubzala kamtengo kawo pamwamba. Mvula ikalimba ankakafunditsa chidutswa cha lata. M'chilimwe ankayamba apisa chala m'dothi, ndipo akapeza kuti ndi louma mpaka pansi m'pamene ankathirapo kapu ya madzi, osati ndowa. Munthu wina aliyense ankamuletsa kuthirira.

Mavuto anayambira pomwepo. Odutsa m'njira anaona kamulu kokhala ngati manda a mwana, mapale pamwamba, kamtengo kosadziwika kobiriwira mu Okutobala popanda wokathirira. Mbuzi za pa Chipoka pano mumazidziwa, zimadya ndi malaya omwe ali pachingwe, koma kamtengo aka zinkangokanunkhiza n'kudutsa. Anthu anati basi, a Lameck atsirika pakhomo, pansi apo pali chimene anakwirira. Ankanena izi akudya chambo chowotcha chimene malemu anapaka masamba omwewo, n'kumapemphanso china.

Pa 2 Malichi 1969 mayi Eveles anatisiya pobereka, pamodzi ndi khanda. Pa maliro amenewo ndinali mnyamata wokhwima kale, ndipo ndinamva ndi makutu anga anthu akunong'onezana kuti kamtengo kaja kadya munthu. Ena mwa iwo anatsogola kale. Ena ndikuwaona, akalamba bwino. Mu 1971 malemu anakwatira mayi Dailes ochokera ku Dowa ndipo anawatenga chitengwa. Mu 1973 kunabadwa Mwaiwathu. Mayi Dailes anapeza a Joyce ali ndi pakati poyamba, anawasamala ngati mwana wobala okha, ndipo a Joyce angathe kutsutsa pompano ngati ndikunama.

Mu 1974 malemu anapuma pa ntchito, ndipo anayamba kupanga viniga kuti azigulitsa kwa makhukhi anzawo a m'sitima ndi a m'mahotela a ku Senga Bay. Ndifotokoza m'mene ankapangira, chifukwa nayonso inawapalira mbiri yoipa. Ankagula uchema kwa ogoma migwalangwa, iwo ali mkulu wa mpingo wosalawa n'komwe mowa. Uchemawo ankauthira mu mtsuko, n'kumanga kansalu kukamwa kwake, n'kuusiya pamthunzi mpaka usase kotheratu, uchidakwa wonse utachoka. Pamwamba pake pamachita chinthu choterera ngati khungu, chimene malemu ankachisunga kuti chikasasitse mtsuko wina. Akasefa, ankatenga nsonga za rozimeri zimene anatsuka ndi kuumitsa bwinobwino, popeza dontho la madzi limaononga botolo lonse, n'kuziika m'botolo pamodzi ndi adyo ndi kambuzi. Ankatseka ndi chitsononkho chokulunga m'nsalu, chifukwa chitsekero chachitsulo chimachita dzimbiri. Mabotolowo ankakhala m'chipinda chamdima mpaka fungo litalowerera.

Tsono taganizani. Mkulu wa mpingo akugula uchema. M'nyumba mwake muli chipinda chosalowa dzuwa. Mayi wina wobwereka sefa anasuzumira mu mtsuko, anaona choterera chija chikuyandama, ndipo dzuwa lisanalowe Chipoka yense anali atamva kuti a Lameck akuweta chinthu m'madzi. Abusa a nthawi imeneyo anabwera, ananunkhiza, analawa, anatsokomola, n'kupita ndi botolo limodzi kunyumba. Bambo Binali, anansi athu a kutsidya kwa msewuwu, Msilamu wosaphonya swala, anakafunsa kwa ashehe awo ndipo anauzidwa kuti imeneyo ndi siki, dzina lawo la viniga, ndipo si haramu. Kuchokera pamenepo pakhomo pawo sipankasowa botolo. Anthu awiri okhawa ndi amene anayamba afunsa asanaweruze.

Mu Meyi 1977 munthu wina anakanena kumene amakanena anthu kuti mabotolo a malemu sapita okha pa sitima, amapita ndi mauthenga kwa anthu osafunira dziko lino zabwino. Inabwera galimoto, mabotolo onse anaswedwa pabwalo pano, malemu anatengedwa. Akuluakulu anagwira ntchito yawo, anapeza kuti munthuyo alibe mlandu, anamubweza, ndipo ife tinathokoza monga tikuthokozanso lero. Khadi la chipani malemu sanaphonyepo kugula, a tcheyamani ali pano ndi mboni. Koma malemu anabwera ataonda, lamba akumangira pa bowo latsopano, ndipo za kumeneko sanakambepo mpaka imfa yawo. Amene anakanenayo sitinamudziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti anali munthu wodziwa tsiku lofika sitima, wodziwanso khomo la chipinda chija, kutanthauza kuti ankalowa m'nyumba muno ndi kudya nawo. Sindikukhulupirira kuti wasowa pa maliro ano. Masiku onse amene malemu anali kumeneko, achibale ambiri njira ya pakhomo pano anaiiwala. Amene anatsala akusesa magalasi osweka, osadziwa ngati amuna awo adzabwera, anali mayi Dailes.

Pali mawu amodzi amene malemu ankakonda kunena, ndipo ndi amene atifikitsa pamene tilipa. Ana asukulu ankathyola nthambi za kamtengo kaja n'kumanunkhiza m'njira. Powaopseza, malemu ankawauza kuti tsiku limene kamtengoka kadzaume iwonso adzafa. Ankanena akuseka, ndipo ana analekadi. Koma anawo anakanena kunyumba, ndipo akuluakulu sanaseke. Anangogwedeza mitu n'kusunga mawuwo.

Mu Ogasiti chaka chino cha 1983 malemu anayamba kutupa miyendo ndi kubanika akayenda pang'ono. Pa 22 mwezi womwewo anagonekedwa m'chipatala ku boma. Madokotala anatiuza poyera, ine ndi a Gracian tili pomwepo, kuti mtima wawo wakula ndipo watopa, ndi matenda a ukalamba. Mayi Dailes anapita nawo kukadikirira matenda, Mwaiwathu anakakhala kwa a Joyce, ndipo nyumba inatsala yotseka. Mayi Dailes ndiwo ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Ife ena tinkapita Lamlungu, titavala bwino, n'kubwerako dzuwa likadalipo.

Chapakati pa Seputembala mayi Dailes anabwera kuno tsiku limodzi kudzatenga ufa. Tsiku limenelo ndi limene anthu akuligwiritsa ngati umboni. Akuti anawaona atagwada pa kamulu kaja akufukula dothi ndi manja. Akutinso anapita kwa mayi Mavis, akazi a bambo Lodwick, mng'ono wawo wa malemu, n'kuwauza mwaukali kuti pasapezeke munthu wothira madzi pa kamtengoko. Zonsezi n'zoona, mayi Dailes sakukana. Patangopita masabata ochepa kamtengo kanauma, ndipo Lachiwiri lapitali, pa 11 Okutobala, m'mawa, atsibweni anga anatsikira kuli chete. Anthu anaphatikiza ziwirizi n'kupeza yankho limene ankalifuna.

Ine nkhani yongomva sindiikhulupirira msanga, ngakhale itachokera kwa m'bale wanga. Lero m'mawa ndinatenga khasu, ndinaitana akulu a mpingo awiri ndi bambo Binali, ndipo tinafukula kamulu kaja mpaka pansi. Nyanga sitinaipeze. Chithumwa sitinachipeze, ngakhale tsitsi kapena kansalu. Tinapeza njerwa, mapale, ndi matope. Matope, abale anga, mu Okutobala muno, mvula italeka mu Epulo. Mizu inali yakuda, yofewa, yonunkha kuvunda. Dzenjelo sitinalikwirire, lili apo, ndipo amene akukayika akapisemo dzanja popita kumanda.

Nditafunsa kuti madziwa achokera kuti, bambo Binali, amene amasoka maukonde awo pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi bwalo lino, anandiuza zimene akhala akuona. Chigonekedwe cha malemu, amayi a pamudzi pano pochokera kunyanja ankapatuka ndi ndowa zawo n'kuthira pa kamtengo kaja. Bambo Binali anayesa kuwaletsa, koma amayiwo anawayankha kuti za pakhomo la Akhristu ziwapite. Ndinapita kwa awiri mwa amayiwo, mayi Pauline ndi mayi Gladys, ndipo onse awiri avomera akulira. Ati ankaopa kuti kamtengo kakauma ndi dzuwa, a Lameck afa. Ankathirira kuti munthu achire.

Tsiku lija mayi Dailes anagwada pa kamulu, n'kuti atapeza dothi lili chinyontho, masamba atayamba chikasu. Ankafukula kuti mphepo ilowe kumizu, monga ankachitira amuna awo. Poletsa madzi ankapulumutsa kamtengoko. Koma mayi Mavis atamva mkazi akuletsa madzi pa mtengo umene iwo ankakhulupirira kuti wasunga moyo wa mwamuna wake, anaona ngati agwira mfiti dzuwa likuswa mtengo. Anakauza anzawo, ndipo anapangana kuti azithirira kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndowa zodzaza, kuti alimbane ndi mayi Dailes. Kamtengo kamene kanapirira chilimwe cha Chipoka kuyambira 1965 kanamira pabwalo pouma.

Ndiye ndinene momveka, kuti wina asadzapotoze mawa. Kamtengo kanafa ndi madzi. Atsibweni anga amwalira ndi mtima. Izi ndi imfa ziwiri zosiyana, ndipo palibe imene yabwera ndi dzanja la mayi Dailes. Ngati pali wina akuumirirabe kuti moyo wa malemu unalidi mu kamtengo kaja, ndiye ayambe wawerenga amene ananyamula ndowa, chifukwa mlanduwo ugwera kumeneko. Ine sindikufuna ugwere kumeneko. Amayiwa anachita zimenezi powakonda malemu, ndipo mtima wanga ukuwawa pa iwonso.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'china. Amayi a ndowa ndawamvetsa. Amene sindinawamvetse ndi abambo amene anathamangira kugamula kuti wamasiye achoke, asanafunse ngakhale funso limodzi. Dzulo galimoto ya mtembo isanafike n'komwe, wina anali atafunsa kale kumene kumakhala makiyi a nyumbayi. Wina ndinamuona akuzungulira kuseri, maso ali kudenga, ngati kuti malata angawerengedwe pa tsiku la maliro. Bambo Lodwick, inu ndinu atsibweni anga otsala, ndipo ndimakulemekezani. Ndinakufunsani m'mawa uja ngati munkadziwa za madziwa, akazi anu akutuluka ndi ndowa tsiku ndi tsiku, ndipo munayang'ana pansi. Sindikuyankhirani. Mwina simunkadziwadi.

Malemu anali munthu wosachedwa kupsa mtima m'khitchini koma wofatsa pabwalo. Ankadana ndi mpeni wobuntha ndi munthu wolawa ndiwo ndi chala. Pa ukwati uliwonse wa pamudzi pano ankaphika osaitanidwa. Atumikira ngati mkulu wa mpingo kuyambira 1967. Anthu amene ankawanena ankawapatsabe moni, ndipo odwala chimfine ankawathyolera kanthambi kuti akafukize m'madzi otentha. Ambiri munalandira kanthambi kameneko ndi manja awiri, n'kukakataya panjira. Iwo ankadziwa, ndipo mawa lake ankakupatsaninso moni. Ine mtima umenewo ndilibe, ndipo mwaona kale.

Malemu amwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi. Asiya akazi awo, mayi Dailes Chikadza, amene ndawatchula poyamba chifukwa ndi malo awo. Asiya ana atatu, a Gracian amene akulima mpunga ku Chinguluwe, a Joyce a konkuno, ndi Mwaiwathu amene ali Sitandade 4. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo bambo Lodwick, ndi ife ana a alongo awo. M'malo mwa mbumba, ndipo a Gracian ndi a Joyce agwirizana nane, ndikulengeza pamaso pa mafumu kuti nyumba iyi ndi ya mayi Dailes ndi mwana wawo. Makiyi ali m'thumba langa, ndipo ndiwapereka m'manja mwawo anthu onse akuona.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa. Tikuthokoza mpingo ndi amayi oyimba amene sanapume chifikire cha mtembo, adzukulu amene akumba manda m'dothi louma ngati mwala, anzawo a malemu a ku njanji amene athandiza ndi galimoto, a nthambi ya chipani, ndi asodzi amene abweretsa nsomba. Bambo Binali, inu munanena zoona pamene zinalibe wozimva, Mulungu akusungeni. Tikuthokozanso mayi Pauline, mayi Gladys ndi mayi Mavis chifukwa cha madzi amene anasenza m'dzuwa lonse lija. Sindikunyoza. Mitu yanu inatopa chifukwa cha m'bale wathu.

Koma ntchito yanu amayi atatu inu sinathe. Bokosi ili silinyamulidwa, ndipo abusa sayamba mwambo, mpaka mayi Dailes atabwera kudzaona nkhope ya amuna awo ndi kukhala pamalo pawo. Sindituma mwamuna kukawatenga, ndipo sabwera okha ngati wopalamula. Mupite inuyo kuseri kwa khitchini, muwagwire manja, mudutse nawo pakati pa anthu onsewa. Mayi Pauline ndi mayi Gladys aimirira kale. Mayi Mavis, tikudikira inu.

Atsibweni anga a Lameck Chikadza, mwaphikira anthu ambiri, tsopano pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere. Tadikirani pang'ono pokha tisananyamuke, akazi anu akubwera.